Mankhwala a Wodwala Kapena Chinyengo cha Wosewera? Lamulo la Mankhwala Oletsedwa ndi Achinyamata a Kunyanja

Pali mankhwala ena amene dokotala akalembera mwana wasukulu amakhala chithandizo, koma mwana yemweyo akakula n'kulowa m'bwalo la masewera atawamwa, amasanduka mlandu. Odziwika kwambiri mwa iwo ndi a vuto losakhazikika maganizo, lomwe achipatala amalitchula mwachidule kuti ADHD. Mkangano wa mankhwalawa unakulira ku America m'masewera a baseball, omwe kuno sitiwasewera kwenikweni, ndipo munthu wa ku Mangochi akhoza kufunsa kuti za kutali choncho zikumukhudza pati. Zikumukhudza chifukwa mnyamata amene lero akumenya mpira wa pamchenga ku Nkopola kapena ku Monkey Bay, akangovala yunifomu ya dziko, amalowa pansi pa malamulo a mankhwala a dziko lonse lapansi. Timu ya Malawi ya mpira wa pamchenga inakasewera kale mpikisano wa mu Africa ku Vilankulo, m'dziko la Mozambique, mu 2022, ndipo masewerawa kwawo ndi m'maboma a m'mphepete mwa nyanja. Mfundo yanga ndi yakuti kuletsa mankhwalawa n'koyenera, kupereka chilolezo kwa odwala enieni n'koyeneranso, koma chilolezo chotsamira pa mapepala a madokotala chimapondereza wosewera wochokera kumene madokotalawo kulibe.

Vutoli ndi lotani

ADHD ndi vuto la kakulidwe ka ubongo lomwe limayamba munthu ali mwana. Mwanayo amalephera kuika maganizo pa chinthu chimodzi kwa nthawi, amaiwalaiwala, amataya makope, amayamba ntchito osaimaliza. Ena amakhala ojijirika, satha kukhala pansi, amayankha funso lisanathe. Mwana aliyense amatero nthawi zina. Achipatala amati ndi matenda pokhapokha zizindikirozo zitayamba mwana asanakwanitse zaka 12, zitakhalitsa miyezi yosachepera 6, zikuoneka m'malo oposa amodzi monga kunyumba ndi kusukulu, ndiponso zikumusokonezadi pa moyo wake. Kafukufuku wa m'maiko ambiri amaonetsa kuti ana pafupifupi 5 mwa 100 ali ndi vutoli, ndipo ambiri amakula nalo.

Si vuto latsopano. Dokotala wa ana wa ku London, George Still, anafotokoza za ana otere mu 1902. Mu 1937 Charles Bradley wa ku America anaona chinthu chodabwitsa: ana ovuta atapatsidwa amphetamine, mankhwala ogalamutsa thupi, m'malo molusa anadekha n'kuyamba kutsatira maphunziro. Mu 1944 kunapangidwa methylphenidate, amene ambiri amawadziwa ndi dzina la malonda la Ritalin. Mankhwala onsewa amachulukitsa dopamine ndi noradrenaline, timadzi tomwe timanyamula mauthenga pakati pa maselo a ubongo, makamaka m'chigawo chakutsogolo chomwe chimathandiza munthu kudzigwira ndi kusankha choti aikepo mtima. Vuto la olemba malamulo a masewera layambira pomwepa. Palibe kuyeza magazi kapena kujambula mutu komwe kungatsimikize kuti munthu ali ndi ADHD. Dokotala amadalira mbiri ya wodwala, mafunso, ndi umboni wa makolo ndi aphunzitsi. Matenda amene umboni wake ndi mawu, munthu wochenjera akhoza kuwanamizira.

Chifukwa chiyani ali oletsedwa

Mankhwalawa sagwira ntchito mwa odwala okha. Munthu wabwinobwino akawamwa tulo timathawa, maso amakhala tcheru, ndipo kutopa samakumva msanga. Ofufuza a ku Harvard anaonetsa kale mu 1959 kuti amphetamine amawonjezera pang'ono liwiro la osambira ndi othamanga, ndipo pa mpikisano waukulu pang'ono pomwepo ndi pamene pamasiyanitsa woyamba ndi wachinayi. Kafukufuku amene ayenera kutikhudza ife a kunyanja anachitikira ku Brussels mu 2008. Opalasa njinga anapatsidwa methylphenidate n'kuuzidwa kupalasa m'chipinda chozizira bwino cha madigiri 18, ndipo sipanaoneke kusintha. Atabwereza m'chipinda chotentha madigiri 30, anamaliza ntchito yomweyo mofulumira ndi 16 peresenti, kutentha kwa m'thupi mwawo kunafika cha m'ma 40, koma iwo sanamve kuti apsa kuposa kale. Kutopa ndi chenjezo lomwe ubongo umapereka kuti thupi lisapitirire malire. Mankhwalawa amatseka pakamwa chenjezolo. Mngelezi wopalasa njinga, Tom Simpson, anagwa n'kufa pa phiri la Ventoux pa mpikisano wa Tour de France mu 1967, tsiku lotentha kwambiri, ndipo m'thupi mwake munapezeka amphetamine. Aliyense amene anaonerapo mpira pa bwalo la Mangochi masana a mwezi wa October, dzuwa likuswa mtengo, akudziwa kuti madigiri 30 kuno si nkhani.

Bungwe loona za mankhwala pa masewera pa dziko lonse, WADA, linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo chaka chilichonse limatulutsa mndandanda wa zoletsedwa womwe umayamba kugwira ntchito pa 1 January. Mankhwala amalowa pa mndandandawo akakwaniritsa ziwiri mwa zitatu izi: kuwonjezera mphamvu kapena luso, kuika moyo wa wosewera pachiswe, ndi kuphwanya mzimu wa masewera. Amphetamine ndi methylphenidate amaletsedwa pa nthawi ya mpikisano yokha. Lamulo lomwe limapweteka ambiri ndi lakuti chopezeka mu mkodzo wako ndi chako. Kusadziwa kungachepetse chilango, koma sikufafaniza mlandu. Wochita dala akhoza kuimitsidwa zaka 4.

Zimene zinachitika ku baseball

Ligi yaikulu ya baseball ku America ili ndi malamulo akeake omwe eni matimu amagwirizana ndi bungwe la osewera, ndipo siili pansi pa WADA. Timu iliyonse imasewera magemu 162 m'miyezi pafupifupi 6, kutanthauza kusewera pafupifupi tsiku lililonse ndi kuyenda maulendo ataliatali usiku. Kwa zaka makumi angapo osewera ankameza timapiritsi ta amphetamine kuti athane ndi kutopako, ndipo wosewera wina, Jim Bouton, anaziulula m'buku lake la mu 1970. Kuyeza mankhwalawa kunayamba mu 2006. Chaka chimenecho osewera 28 anapatsidwa chilolezo chomwa mankhwala a ADHD. Chaka chotsatira anali 103. Aphungu a nyumba ya malamulo ya dzikolo anafunsa za kulumpha kumeneku mu January 2008, koma chiwerengero chinakwerabe mpaka 119 mu 2013, pafupifupi wosewera mmodzi mwa khumi aliyense, pamene kafukufuku wa nthawiyo ankati akuluakulu a ku America omwe ali ndi vutoli ndi 4 kapena 5 mwa 100.

Ziwerengerozi anthu amazimva pawiri. Ena amati khomo lakutsogolo litatsekedwa osewera anapeza lakumbuyo, ndipo n'kovuta kuwatsutsa, poti matenda oyamba paubwana sangachuluke kanayi m'chaka chimodzi pakati pa amuna akuluakulu. Ena amati kale odwala enieni ankamwa mwakachetechete popeza panalibe woyeza, ndiye lamulo litabwera anangotulukira poyera. Amawonjezera kuti vutoli limapezeka kwambiri mwa anyamata, ndiponso kuti mwana wovutika m'kalasi nthawi zambiri amathawira ku masewera. Mbali zonse zili ndi choonadi, ndipo palibe amene angagawe molondola kuti odwala anali angati, onamizira angati. Chodziwika n'chakuti ligiyo itaika gulu la akatswiri oima paokha kuti liziunika pempho lililonse, patapita zaka chiwerengero chinatsika mpaka kufika pansi pa 80. Nkhani ya Chris Davis wa timu ya Baltimore Orioles ikuonetsa mbali ina. Iye anali ndi chilolezo m'mbuyomo, koma mu 2014 anamwa mankhwala a ADHD otchedwa Adderall alibe chilolezo, ndipo anaimitsidwa magemu 25. Chaka chotsatira anapatsidwanso chilolezo. Munthu yemweyo, vuto lomwelo: chomwe chinasiyanitsa chaka cha mlandu ndi chaka cha mtendere chinali pepala.

Chilolezo chimaperekedwa bwanji

Chilolezo chomwa mankhwala oletsedwa chifukwa cha matenda chimadziwika ndi zilembo zakuti TUE. Kufunika kwake kunaoneka bwino pa nkhani ya Rick DeMont, mnyamata wa zaka 16 wa ku America amene anapambana mendulo ya golide posambira ku Munich mu 1972 n'kulandidwa chifukwa mankhwala ake a mphumu anali ndi ephedrine, ngakhale anali atauza madokotala a timu yake. Lero gulu la madokotala osachepera atatu limaunika zinthu zinayi. Payenera kukhala matenda otsimikizika ndi umboni wachipatala. Mankhwalawo angobwezera munthu mwakale, osamupitiriza pamene thupi lake labwinobwino likanafika. Pasakhale mankhwala ena ololedwa omwe angathandize moyenera. Ndipo matendawo asakhale obwera chifukwa chogwiritsa ntchito mankhwala oletsedwa m'mbuyomo. Pempho liyenera kupita masiku 30 mpikisano usanachitike, ngakhale wodwala mwadzidzidzi amaloledwa kupempha atalandira kale chithandizo. Osewera a m'dziko muno amapempha kudzera ku Malawi Anti-Doping Organisation, pamene ofika pa mipikisano ya maiko amapempha ku mabungwe aakulu a masewera awo.

Otsutsa chilolezo ali ndi mfundo ziwiri zolimba. Yoyamba ndi yakuti muyezo wachiwiri uja sungayezeke: ndani akudziwa pamene ubongo wa munthu ukanafika akanakhala wopanda vutoli? Izi n'zoona, ndipo mpaka pano akatswiri sanagwirizane ngati wosewera wa ADHD akamwa mankhwala ake amangofanana ndi anzake kapena amawaposa pang'ono. Komabe umboni womwe ulipo sukuonetsa kuti zilolezo zikugula mamendulo. Madokotala a WADA atawerenga za masewera a Olympic kuyambira 2010 mpaka 2018 anapeza kuti opikisana ali ndi chilolezo sankakwana mmodzi mwa 100, ndipo sankapambana mosiyana kwenikweni ndi anzawo. Mfundo yachiwiri ndi yakuti wodwala angosiya mankhwala pa tsiku la mpikisano. Kunena n'kosavuta. Mankhwala amatsalira mu mkodzo kwa masiku angapo, ndiye kusiya kwake kuyenera kuyamba kale, ndipo wosewera ligi sabata iliyonse akhoza kutha theka la chaka osamwa. Munthuyo ali ndi sukulu, banja ndi galimoto yoti ayendetse. Simone Biles, katswiri wa masewera odzipinda thupi, mbiri yake yachipatala itabedwa pa kompyuta n'kuulutsidwa mu 2016, ananena poyera kuti wakhala akumwa mankhwala a ADHD kuyambira ali mwana. Kumuuza munthu wotero kuti asankhe pakati pa thanzi ndi ntchito yake si chilungamo.

Palinso ena amene amati zonse zingololedwa, aliyense amwe chomwe akufuna. Amenewa aiwala kuti mmodzi akamwa n'kupambana, anzake onse amakakamizika kumwa, kuphatikizapo ana a m'matimu achisodzera. Amphetamine amakwezanso BP, amathamangitsa mtima, ndipo amatha kumulowerera munthu osathanso kuwasiya.

Mmene nkhaniyi ikuonekera kunyanja

Ku America vuto linali lakuti madokotala olemba makalata anachuluka. Kuno nkhani ndi yotembenuka. Madokotala a matenda a maganizo m'dziko muno ndi owerengeka, ndipo ambiri ali ku Blantyre, ku Zomba, ku Lilongwe ndi ku Mzuzu. Mwana wa ku Makanjira kapena ku Namwera amene sakhazikika m'kalasi la ana oposa 100 sapita kukapimidwa. Amatchedwa wosamva, wopulupudza, mbuli. Amalawa chikwapu, amabwereza kalasi, kenaka amasiya sukulu n'kupita kukakoka khoka. Ndipo pali chifukwa choganizira kuti ana otere kuno si ochepa. Ofufuza a pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre analemba mu 2010 kuti ana opulumuka malungo a mu ubongo amakhala pachiopsezo chachikulu chodwala khunyu ndi kukhala ndi makhalidwe ovuta kuwalamulira kuposa anzawo. Mangochi ndi boma la malungo. Mwana wotereyu akakula n'kukhala katswiri wa mpira, dokotala wa timu ya kunja n'kumupeza ndi ADHD, gulu lopereka chilolezo lidzafuna umboni wakuti vutoli linayamba ali wamng'ono. Malipoti a ku pulayimale anasowa kalekale, kabuku ka kuchipatala kananyowa ndi mvula, mphunzitsi anasamuka. Mnzake wa ku Ulaya amangotulutsa faelo.

Kunena zoona, Ritalin si amene angagwetse osewera ambiri a kuno, poti mankhwalawa sapezekapezeka ndipo malamulo a maiko amawasunga mokhwima. Msampha uli pa mankhwala wamba. Hydrochlorothiazide, kam'bulu kodziwika ka BP komwe zipatala zathu zimapereka tsiku ndi tsiku, n'koletsedwa nthawi zonse chifukwa mankhwala okodzetsa amatha kubisa ena mu mkodzo. Insulin wa odwala shuga amafuna chilolezo. Salbutamol wopopera mkamwa wa mphumu ndi wololedwa mpaka mamaikirogalamu 1,600 pa maola 24, koma wa mapiritsi ndi woletsedwa. Prednisolone womeza ndi jakisoni wa mankhwala a gulu lake n'zoletsedwa pa mpikisano. Tramadol, yemwe ambiri amamwa bondo likamapweteka, analowa pa mndandanda pa 1 January 2024. Mankhwala ena a chimfine ali ndi pseudoephedrine, amene anamulanditsa golide Andreea Răducan wa ku Romania ku Sydney mu 2000, atapatsidwa ndi dokotala wa timu yake yemwe. Ngakhale diripi yoposa mamililita 100 pa maola 12 ndi yoletsedwa ngati siikuperekedwa monga chithandizo cha m'chipatala. Chamba n'choletsedwa pa mpikisano, ndipo lamulo la mu 2020 lololeza kulima chamba cha mafakitale ndi cha mankhwala silinasinthe zimenezi. Mwamwayi, LA wa malungo, praziquantel wa likodzo ndi ma ARV sali pa mndandanda, choncho wosewera asasiye kumwa amenewa poopa kuyezedwa.

Tsopano taganizirani mmene mankhwala amagulidwira kuno. Mnyamata wadzuka ndi litsipa m'mawa wa gemu, wapita pa golosale kapena kwa wogulitsa pamsika, wapatsidwa timibulu tiwiri toyera ndi kamodzi kachikasu tokulungidwa m'kapepala konyula pa kope, popanda dzina kapena bokosi. Wina wamwa ufa wolimbitsa minofu womwe mchimwene wake wabwera nawo kuchokera ku Joni. Zolembedwa pa botolo nazo si zodalirika nthawi zonse: mu 2019 chakumwa china chopatsa mphamvu chopangidwa ku Zambia chinaletsedwa ku Malawi ndi ku Zambia komweko chitapezeka ndi sildenafil, mankhwala a mphamvu za abambo, omwe sanalembedwe pa botolo. Sildenafil ndi wololedwa pa masewera, koma chikanakhala china, womwa ndiye akanalangidwa. Ngati André Onana, goloboyi wa Cameroon amene panthawiyo anali ku Ajax pakati pa madokotala odziwa ntchito, anaimitsidwa miyezi 12 mu 2021 atameza m'bulu wokodzetsa wa mkazi wake pouyesa wa mutu, chilango n'kudzatsitsidwa kufika miyezi 9 atachita apilo, nanga mnyamata wa ku Malindi wopanda dokotala kapena loya adzalowera kuti? Lamulo lotere likafika kumene anthu sanaphunzitsidwe limakhala ngati ukonde wa udzudzu woponyedwa m'nyanja: linatcheredwa chambo chachikulu, koma limakola kasawala.

Wina anganene kuti m'maligi a m'maboma sayeza, ndiye nkhawayi ndi ya chiyani. N'zoona kuti kuyeza n'kodula, popeza mkodzo uyenera kutumizidwa kunja, ndipo labotale ya ku Bloemfontein yomwe maiko a m'chigawo chino ankadalira inaimitsidwa ndi WADA mu March 2024. Koma kusayezedwa kunyumba ndi kumene kumachititsa kuti wosewera akakumane ndi botolo la mkodzo koyamba ali kale pa mpikisano waukulu, pamene kulakwitsa kumamudyera ntchito yonse. Njira yochoka kumudzi kukafika kunja ndi yaifupi kuposa kale. Osewera mpira Tabitha ndi Temwa Chawinga, omwe anafika kunja, anachokera ku Rumphi. Ndiponso kuopsa kwa mankhwala ogalamutsa pa dzuwa la kuno sikudikira woyeza.

Zoyenera kuchitika

Yankho si kufewetsa muyezo wa chilolezo kwa osewera a maiko osauka, chifukwa baseball yationetsa zomwe zimachitika khomo likasiyidwa pululu. Chofunika ndi kubweretsa umboni pafupi ndi wosewera. Mangochi ili ndi poyambira: chipatala cha boma, cha Monkey Bay, cha St Martin's ku Malindi, ndi nthambi ya sukulu ya zaumoyo ya Kamuzu University of Health Sciences. Madokotala othandizira ndi anamwino a m'malo amenewa atapatsidwa mndandanda wa chaka chilichonse ndi fomu ya chilolezo, n'kuzolowera kufunsa wachinyamata ngati amasewera mpikisano asanamulembere mankhwala, milandu yambiri ingapewedwe popanda ndalama zochuluka. Mndandandawo ufotokozedwe m'Chichewa ndi m'Chiyao, ndi maina a mankhwala omwe anthu amawadziwa pa kauntala, pa wayilesi za m'dera ndi pa misonkhano ya makochi ligi isanayambe. Bungwe loyendetsa mpira la FAM ndi mabungwe a ntchemberembaye, nkhonya ndi othamanga angathe kufuna kuti wosewera aliyense wolembetsa atchule matenda okhalitsa omwe ali nawo, ndipo zimenezi zisungidwe mwachinsinsi ndi achipatala okha, osati kochi kapena mwini timu. Kusunga chinsinsiku n'kofunika, chifukwa m'dera lomwe matenda a maganizo onse amatchedwa misala, wosewera amasankha kubisa.

Makolo ndi aphunzitsi ali ndi gawo lomwe palibe bungwe lingawagwirire. Mwana amene wadwala malungo okomoka nawo n'kusintha khalidwe atachira apite naye kuchipatala, ndipo zimene zapezeka zilembedwe m'kabuku kake, ngakhale mankhwala atakhala kuti palibe. Malipoti a kusukulu omwe mphunzitsi walembamo za kusakhazikika kwa mwana asungidwe m'pulasitiki pamodzi ndi kabukuko. Ndipo inu osewera, musameze m'bulu womwe dzina lake simukulidziwa. Muuzeni wachipatala kuti mumasewera mpikisano, sungani bokosi ndi pepala la dokotala, ndipo ngati mukumwa mankhwala a BP, shuga, mphumu kapena a ADHD, funsani za chilolezo musanaitanidwe ku timu ya dziko.